Kucezera Buku: Njala Yathu ya Nkhani za Mizukwa Inacokera Kuti?

Ambiri a ife tinadwalapo matenda awa, ndipo palibe amene anapita nawo ku cipatala. Timatenga buku madzulo n'kunena kuti tiwerengeko mutu umodzi cabe, tigone. Mutuwo umathera pamene citseko ca nyumba yopanda anthu cayamba kutseguka cokha. Ndani angagone pamenepo? Timapitiriza. Malaiti akazima timayatsa toci ya pafoni, batire likatsala pang'ono timacepetsa kuwala, mpaka tambala woyamba alira. Buku likatha sitikhuta ai, timayamba kufunsa amene ali ndi laciwiri. Uku ndiye kucezera buku, monga mmene anthu amacezera gule usiku wonse.

Acinyamata ambiri a m'tauni amaganiza kuti njala imeneyi inabwera ndi Goosebumps, mabuku 62 amene R.L. Stine analemba pakati pa 1992 ndi 1997, kapena ndi mabuku 7 a Harry Potter amene anatuluka kuyambira 1997 kufika 2007. Koma kwathu ku Katete, ku Sinda ndi ku Vubwi njalayi ndi yakale kuposa pepala. Tikaitsata bwino mbiri yake, itiuza cifukwa cake mpaka lero tilibe mabuku otsatizana a nkhani zotere m'Cinyanja, ndiponso cimene titaya posakhala nawo.

Zinayambira pamoto

Agogo athu anali ndi nyengo yao yocezera nkhani. Anthu akakolola, nchito za kumunda zikacepa, ana anali kusonkhana madzulo pabwalo kapena m'kuka mwa ambuye ao. Wosimba akayamba ndi "panangokhala", onse anali kubvomera kuti "tili tonse", ndipo wosiya kubvomera anali kudziwika kuti wagona. Masana nthano zinali zoletsedwa. Lamulo limeneli linali kuteteza nchito, koma linacitanso cinthu cina: linapatsa nthano mdima, ndipo mdima ndiwo ndiwo ya nkhani yoopsa.

Tikayang'ana bwino, nthano zimenezo zinali kale zotsatizana. Kalulu wa dzulo ndi yemweyo wa lero. Omvera anali kumudziwa khalidwe lake, anali kudziwa kuti Fisi apusitsidwanso, koma anali kufuna kumva kuti lero apusitsidwa bwanji. Cimene cimatikoka kuti titenge buku lacinai la wolemba mmodzimodzi n'comweco: timabwerera kwa anthu amene tawazolowera kuti tione tsoka latsopano limene lawagwera. Nthano zisanayambe panali zilape. Wina akati "cilape", ena ayankha kuti "nacize", ndipo mwana aliyense anali kusanduka wofufuza, kusonkhanitsa zizindikiro kuti apeze cobisika.

Tisaiwalenso kuti ndife ana a dziko la Gule Wamkulu. Amene anafikako ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba, kumapeto kwa Ogasiti, pamene Acewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amakalamba kwa Kalonga Gawa Undi, anaona zilombo zikutuluka m'fumbi n'kubwerera kumene zinacokera. Za kudambwe sitikamba pano. Tingonena kuti mwana wokulira m'dziko lotere amadziwa msanga kuti pali zinthu zimene maso aona koma pakamwa safotokoza, ndipo mtima wofuna kudziwa umakula naye. Nthano za kwathu zina zinalembedwa ndithu: mu 1976 Ernst Wendland anatulutsa buku lochedwa Nthano za kwa Kawaza, nthano zocokera m'dziko la Mfumu Kawaza.

Zilembo zitafika

Kuwerenga kunabwera ndi mamishoni. A Dutch Reformed anamanga Magwero mu 1899, ndipo mu 1905 anafika ku Nyanje, kumene lero kuli m'boma la Sinda. Akatolika nawo anamanga mamishoni monga Chassa ndi Vubwi. Buku Lopatulika lathunthu m'Cinyanja linatuluka mu 1922, ndipo kwa mabanja ambiri ndilo linali buku lokhalo m'nyumba. Anthu analiwerenga cifukwa ca cikhulupiriro, inde, koma anapezamonso nkhani zoimitsa tsitsi: Mfumu Sauli kupita usiku kwa mkazi wobwebweta wa ku Endori, dzanja lopanda mwini kulemba pakhoma pa phwando la Belisazara, Danieli kuitanidwa kuti amasulire.

Mabuku a nkhani anatsatira. Nthondo, la Samuel Josiah Ntara wa ku Malawi, linatuluka mu 1933. Mu 1948 boma la atsamunda linakhazikitsa ku Lusaka ofesi yosindikiza mabuku a zinenero za anthu a ku Northern Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo mabuku a Cinyanja anayamba kuyenda mbali zonse ziwiri za malire. Limodzi mwa mabuku amene akulu athu amakumbukira kwambiri ndi Sikusinja ndi Gwenembe la John Gwengwe, la mu 1965. Nkhani yake inacokera m'nthano: apacibale awiri abwerera kucokera kunchito, wina apha mnzake panjira cifukwa ca katundu, ndipo mbalame imutsata wakuphayo, ikuimba zimene anacita, mpaka kumudzi. Pamenepa pali zonse zimene timafuna m'buku loopsa. Pali imfa yobisika, pali mboni yosakhala ya dziko lino, ndipo pali tsiku limene coonadi cituluka poyera. Akulu anati mlandu suola.

Wailesi inacita zimene buku silinathe

Koma mabuku anali ocepa, odziwa kuwerenga analinso ocepa. Cimene cinafika m'midzi yambiri ndi wailesi. Ku Lusaka kuulutsa mau kunayamba mu 1941, nthawi ya nkhondo yaciwiri ya dziko lonse. Mu 1949 kunabwera kawailesi kochipa kochedwa Saucepan Special, kooneka ngati poto, kogulidwa mapaundi 5, koyendera batire. Kawailesi kamodzi kanali kukhoza kusonkhanitsa mudzi wonse, monga mmene moto unali kucitira.

Amene anadziwa kugwiritsa nchito moto watsopanowu ndi Julius Chongo. M'zaka za ma 1960 ndi ma 1970, pulogalamu yake ya Poceza m'Madzulo inali kumveka pa wailesi ya boma sabata iliyonse. Munthu mmodzi yekha anali kukhala nkhalamba, namwali, mfumu, fisi ndi citseko colira, zonse ndi pakamwa pake. Nkhani zina anazitenga m'nthano zakale, zina anazipeka yekha za moyo wa masiku amenewo, ndipo za ufiti sizinasowemo. Funsani aliyense wa zaka zoposa 60 ku Katete, adzakuuzani mmene anthu anali kufulumirira kudya nsima kuti nthawi ya Chongo iwapeze atakhala pansi. Luso lake linali lalikulu moti Wendland yemwe uja analembapo digiri ya udokotala pa yunivesite ya Wisconsin mu 1979, ndipo mu 2004 UNZA Press inasindikiza ena mwa masewero ake m'Cinyanja ndi m'Cizungu. Chongo analembanso buku la Fumbi Khoboo! limene ambiri analipeza kusukulu.

Makolo athu sanathe kucezera Chongo usiku umodzi monga ticitira ife. Anali kudikira masiku 7. Koma kudikirako kunali ndi phindu lake: sabata yonse, kudimba, kucitsime ndi pamowa, anthu anali kukambirana nkhani imodzi.

Njala inasamukira ku Cizungu

Nanga zinatheka bwanji kuti ana a omvera a Chongo aziwerenga za mizukwa ya ku America? Zifukwa zake ndi zoonekeratu. Mu 1966 dziko lathu linasankha kuti ana aziphunzira m'Cizungu kuyambira giredi 1, ndipo Cinyanja cinatsala ngati phunziro limodzi pakati pa ena. Kampani ya boma yosindikiza mabuku, NECZAM, imene inayamba mu 1967 pansi pa Kenneth Kaunda Foundation, inali kudalira masukulu kuti agule. Buku la Cinyanja linali kusindikizidwa ngati lingalowe m'kalasi. Conco linayenera kukhala limodzi, lalifupi, la phunziro looneka bwino, loti mphunzitsi afunsepo mafunso. Buku lotha ndi citseko cotseguka cokha, loti ugule laciwiri, linalibe malo m'dongosolo limeneli. Mtengo wa kopa utagwa capakati pa ma 1970, ndalama zogulira mapepala kunja zinasowa, ndipo ngakhale mabuku ocepawo anayamba kusowa.

Njala siidikira. Ana a sukulu za boding'i monga Chassa ndi Katete anaipezera cakudya kwina. Kuyambira 1977 kampani ya Macmillan inayamba kutulutsa timabuku ta Pacesetters, tolembedwa ndi anthu a mu Africa, tokhala ndi zikuto zokopa, ndipo tinapitirira 100. Panalinso mabuku a James Hadley Chase, Nancy Drew ndi Hardy Boys. Buku limodzi linali kuzungulira domitore yonse mpaka cikuto kucoka, ndipo tsoka lalikulu linali kupeza kuti wina anang'amba tsamba lothera. Lero tili ndi mafoni. Timatsata nkhani zolembedwa m'zigawo pa Facebook ndi pa Wattpad, timatumizirana mabuku pa WhatsApp, ndipo bandulo ikatha pakati pa nkhani timamva ngati mmene anamvera uja wa tsamba long'ambika.

Tisanene kuti zinenero za mu Africa sizingathe kunyamula mabuku otsatizana. Ku Nigeria, D.O. Fagunwa analemba mabuku 5 m'Ciyoruba, kuyambira mu 1938, odzala ndi alenje okumana ndi mizimu m'nkhalango, ndipo Wole Soyinka anamasulira loyamba m'Cizungu mu 1968. Ku Zanzibar, Muhammed Said Abdulla anapeka wofufuza milandu dzina lake Bwana Msa, amene anabwerera m'mabuku angapo a Ciswahili. Loyamba, Mzimu wa Watu wa Kale, linatuluka mu 1960. Ku Kano, kuyambira ma 1980, olemba a Cihausa, ambiri a iwo akazi, akhala akugulitsa nkhani zao pamsika m'zigawo, buku 1, buku 2, buku 3, osadikira unduna wa maphunziro. Kusiyana kwao ndi ife kuli pa msika. Iwo analembera owerenga ogula ndi ndalama zao, pamene ife tinalembera mayeso.

Mantha a m'buku ndi mantha a pamudzi

Wina angafunse kuti kodi zili ndi kanthu? Si zosangalatsa cabe izi? Ife amene timagwira nchito yodzipereka pa mawailesi a m'madera tikuona kuti zili ndi kanthu, cifukwa nkhani za ufiti zimatipeza tsiku ndi tsiku, ndipo sizibwera ngati nthano. Zimabwera pafoni, m'mauthenga, munthu akulumbira kuti nkhalamba yakuti yapezeka mbandakuca pakhomo pa eni ake itagwa pa licero, ndipo afuna kuti tiulutse dzina lake.

Mbiri itionetsa kumene nkhani zotere zimathera. M'zaka za ma 1930 anyamata a Mcape anayenda m'midzi ya ku Nyasaland ndi Northern Rhodesia ndi magalasi ao ndi mankhwala ao, akuti afuna kutha mfiti. Kumayambiriro kwa ma 1950, pamene anthu anali kukana citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland, mphekesera za banyama, anthu akuti amagwira anzao kuti awapope magazi, zinafika mpaka pa wailesi ya ku Lusaka. Peter Fraenkel, amene anali kugwira nchito pamenepo, anafotokoza m'buku lake la Wayaleshi la mu 1959 mmene oulutsa mau ena anakhalira mwamantha atanenedwa kuti ndi banyama. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu kum'mwera kwa Malawi, m'maboma monga Mulanje ndi Phalombe. Kumayambiriro kwa 2020, nkhani za ogasa anthu m'nyumba zitayambira ku Copperbelt n'kufalikira dziko lonse, anthu makumi angapo anaphedwa ndi magulu a anzao pongowaganizira cabe. Kandimverere anakanena za m'maluwa, koma apa za m'maluwazo zinasiya ana amasiye.

Kwathu konkuno nkhaniyi inafufuzidwa. Max Marwick anakhala pakati pa Acewa a kwa Kawaza m'zaka za ma 1940 ndi ma 1950, ndipo mu 1965 anatulutsa buku la Sorcery in its Social Setting. Cimene anapeza n'cakuti munthu kawirikawiri sachula mlendo kuti ndi mfiti. Amachula wacibale, makamaka wa mbali ya kucikazi, ndipo pansi pa mlanduwo pamakhala mkangano wakale wa cuma camasiye, ng'ombe kapena unyakwawa. Lamulo la dziko lathu la za ufiti, limene linayamba mu 1914, limaletsa kuchula munthu kuti ndi mfiti, koma lamulo lokha silinathetse cizolowezici.

Lomba tiyerekeze ndi buku lina lochuka kwambiri la mtundu umene tikukambawu. The Hound of the Baskervilles, la Arthur Conan Doyle, linatuluka m'zigawo mwezi ndi mwezi m'magazini ya Strand ku London kuyambira Ogasiti 1901 kufika Epulo 1902. Anthu a m'nkhaniyo akhulupirira kuti banja lina linatembereredwa, ndipo galu wa kumidima amapha olowa nyumba ake. Sherlock Holmes sakangana nao za mizimu. Iye afunsa za nsapato imene yasowa, za mapazi a pansi, za cithunzi ca pakhoma. Amene simunaliwerenge mutikhululukire, bukuli lakhala zaka zoposa 120: galuyo apezeka kuti ndi galu weniweni wopakidwa mankhwala owala mumdima, ndipo mwini wake ndi wacibale wobisika amene afuna cuma ca banja. Bwana Msa wa ku Zanzibar nayenso acita cimodzimodzi pamene mtembo upezeka pamalo a mizimu amene anthu amaopa kufikapo.

Taonani mmene zikufananira. Ku Baskerville ndi kwa Kawaza, pansi pa nkhani ya mizimu pali acibale ndi cuma. Kusiyana kuli pa njira. Pamudzi, mantha amathamangira kupeza munthu, ndipo amene apezeka msanga ndi wosauka, wokalamba, wamasiye, kapena agogo amene mutu unayamba kuiwala moti asocera usiku. M'buku, mantha amakakamizidwa kudikira. Wolemba amatipatsa munthu woyamba womuganizira, ndipo wowerenga aliyense wozolowera adziwa kuti ameneyo ndi msampha. Tikawerenga mabuku 10 otere motsatizana, mutu umaphunzira cizolowezi cimodzi: kufunsa kuti ndani anaona, anaona nthawi yanji, ndipo apindula ndani ngati tikhulupirira.

N'zoona kuti si mabuku onse amene amabvula mzukwa cigoba. M'mabuku ena mzukwa ndi mzukwa ndithu, monga mbalame ya Gwengwe ndi mbalame yodabwitsa ndithu. Koma ngakhale pamenepo nkhani ili ndi mpanda. Mudzi wake ndi wopeka, anthu ake ndi opeka, ndipo tikatseka buku palibe nyumba ya munthu imene yapsa. Timalawa mantha onse, mtima kugunda, kuopa kupita kucimbudzi panja, koma m'mawa timapereka moni kwa agogo a pafupi monga mwa masiku onse. Makolo amene anaika "panangokhala" kutsogolo kwa nthano anadziwa nchito ya mpanda umenewu. Mau amenewo anali kuuza mwana kuti zimene zikubwerazi uziope ndi mtima wonse, koma usakazitengere kwa anansi.

Cotsala ndi kulemba

Conco tikamacezera buku sitifunika kucita manyazi ngati kuti tataya nthawi. Cimene ciyenera kutibvuta n'cakuti mizukwa imene timaidziwa bwino imakhala m'nyumba za cipale cofewa, pamene ndondoca, cidangwaleza, kadzidzi wa padenga ndi fisi wa usiku, zimene anthu athu amaopadi, zatsala m'manja mwa mphekesera zokha. Malo amene wolemba sanafikepo, wabodza ndiye amalamulira.

Zipangizo tili nazo kuposa zimene Chongo anali nazo. Ku Katete kuli Mphangwe FM, ku Chipata kuli Breeze FM ndi Radio Maria, ndipo amene ali ku Vubwi amamvanso mawailesi a ku Malawi. Foni iliyonse itha kujambula mau. Nkhani ya mphindi 15 pa sabata, yolembedwa bwino, ingamveke pa wailesi Lacisanu, n'kuikidwa pa WhatsApp Loweruka kuti a ku Chawama ndi ku Kanyama aimvere, ndipo zigawo 12 zikakwana zisonkhanitsidwe kukhala buku loyamba. Wofufuza wake safunika kubvala jekete la ku London. Angakhale mphunzitsi wopuma pa nchito amene amayenda pa njinga pakati pa Sinda ndi Nyanje, kapena namwino wa pa kiliniki ya kumudzi amene adziwa kusiyanitsa malungo a m'mutu ndi kulodzedwa, koma amenenso anakulira kwa ambuye ake ndipo saseka zimene anthu amaopa. Milandu yake ili ponseponse: ng'ombe zimene zifa motsatizana m'khola limodzi, moto umene uoneka usiku pa phiri la Mphangwe, munda wa fodya umene ukana kubala cimwalirireni mwini wake.

Amene adzayamba asunge malamulo awiri a akale. Mudzi ukhale wopeka, kuti pasapezeke munthu woloza cala nyumba yeniyeni. Ndipo cigawo ciliconse cithere pamene citseko cayamba kutseguka, kuti tidzabwerenso sabata yamawa kudzabvomera kuti tili tonse.